Tsiku Lotsegula Sutikesi

Pa anthu onse amene boma linawanyamula ku Zomba n'kudzawatula ku Lilongwe pamodzi ndi makabati a mafayilo, panalibe wodziwa kukwiya mwaulemu ngati a Greenwell Harawa. Anali kalaliki, kwawo ku Rumphi, munthu wa tayi ngakhale Loweruka, woimba besi m'kwaya, wosamwa, wosasuta. Fumbi la mzinda wongomangidwa kumene analipirira. Mtunda wochokera ku Area 15, kumene ankakhala, kukafika ku maofesi atsopano, mathirakitala akuwathira dothi lofiira m'makutu, anaupiriranso. Chimene chinkawatupitsa mitsempha ya m'khosi chinali chimodzi basi, sutikesi ya munthu wongojambula papepala.

Loweruka lililonse basi ya ku Blantyre inkabweretsa kamagazini kena, ndipo kumapeto kwake kunkakhala masamba awiri a nkhani ya zithunzi yotchedwa Mlendo wa Sutikesi. Mlendoyo anali bambo wa chipewa chachikulu, woyenda mudzi ndi mudzi atanyamula sutikesi yokiya. Akuba ankaifuna, apolisi ankaifuna, mayi wina wa ndolo zazitali mpaka anathawa pabanja chifukwa cha iyo. Koma zimene zinali m'katimo, wojambula nkhaniyo ankazidziwa yekha ndi Mulungu wake. Kiyi akati alowe pa loko, pathengo pankatulukira njati. Njati ikapita, mlatho unkaduka. Nthawi ina kiyiyo anamezedwa ndi nkhuku, ndipo owerenga anatha dzinja lonse akuthamangitsa nkhukuyo.

A Greenwell anayamba kuwerenga nkhaniyi akadali ku Zomba, tsitsi lawo lisanayambe kuthawa pachipumi. Likulu la dziko lathunthu linasamuka, nkhalango inasanduka misewu, koma sutikesi ija inali chikiyire.

Kamagaziniko kankagulitsidwa ku Old Town, pa sitolo ya Che Sadiki, ndipo pakhonde la sitoloyo ndi pomwe pankakhala bwalo la odandaula. Everson, mmisiri wa njerwa wa mawu ngati wailesi yopanda kochepetsera, ankati m'sutikesimo muli golide. Che Sadiki ankati mulibe kanthu, ndipo ankanena zimenezi akumwetulira, poti odandaula onsewo ankayamba agula kaye asanadandaule. A Greenwell ndiwo anali wapampando.

"Uku n'kusalemekeza owerenga," ankatero, chala chikubaya pepala. "Munthu sungamusunge m'malere chonchi chaka ndi chaka. Ngati uli ndi yankho, nena. Ngati ulibe, nenanso, anthu aone zina zochita."

Pakhonde lomwelo, chakumapeto, pankalira makina osokera a Evelina. Evelina anali telala, mwana wa ku Mitundu, wokhala kwa amalume ake a Bauleni ku Area 4. Sankawerenga Mlendo wa Sutikesi, koma mawu a wapampandowo ankawamva bwino lomwe, ndipo akawamva ankapondereza makinawo mwamphamvu kuposa mmene nsalu inkafunira. Kumutu kwake kunali mpango wobiriwira umene a Greenwell anam'patsa ngati chikole atangofika kumene mumzindamo. Chipatsireni mpangowo, ankhoswe anali asanaoneke.

Zifukwa zinalipo, ndipo zinkabwera mwadongosolo. Poyamba kunali kudikira kuti mafayilo onse afike kuchokera ku Zomba. Kenako kunali kudikira yankho la akuluakulu a ku Rumphi, amene nkhani yokwatira kwa Achewa ankaimva ngati mankhwala owawa. Kenako kunabwera chifukwa chachikulu, nyumba ya ku Area 47. Munthu wa boma sangalowetse mkazi m'nyumba yogawana ndi mnzake wa ku ofesi, ankatero, tidikire atipatse yathu. A Bauleni anali atasunga msoti wa pa chinkhoswe. Msotiwo unakula n'kukhala thadzi, thadzilo linaikira, linaswa, ana ake anayambanso kuikira.

Tinene zoona, a Greenwell ankamukonda Evelina. Akamuona akudula ulusi ndi mano, mtima wawo unkachita ngati wakwera chitunda. Kungoti mawa ankalikonda kwambiri kuposa lero. Nyumba ya ku 47 anali atapatsidwa kale, ndipo kiyi wake ankayenda naye m'thumba la m'kati la jekete, osauza munthu, osapitako n'komwe. Kiyiyo anakhalitsa m'thumbamo mpaka analiboola, ndipo jeketelo analipereka kwa Evelina kuti alisoke.

Loweruka lina, kiyi wa Mlendo atagwera m'chitsime, a Greenwell analalikira pakhondepo mpaka thukuta. Atapuma kuti ameze mate, makina aja anasiya kulira.

"A Harawa," anatero Evelina, osakweza mawu, "nanga ankhoswe anu ndi sutikesiyo, chiyambe kufika n'chiti?"

Khonde lonse linaseka. A Greenwell sankakonda kusekedwa, makamaka ndi anthu opanda tayi. Anakonza kolala n'kuyang'ana gulu lonselo.

"Mboni ndinu nonse. Tsiku limene sutikesi iyi idzatsegulidwe, mawa lake ankhoswe anga adzakhala pakhomo pa a Bauleni."

"Mwamva, Che Sadiki?" anafunsa Evelina.

"Ndamva, mama. Ndi makutu onse awiri."

Pobwerera ku Area 15 tsiku limenelo a Greenwell ankaimba kamluzu. Wojambula uja ankamudziwa bwino kuposa mmene ankadziwira abale awo. Munthu ameneyo sakanatsegula sutikesiyo ngakhale atamuloza ndi mfuti, poti ndiyo inkamudyetsa. Kwa nthawi yoyamba, a Greenwell anamva ngati iwo ndi mdani wawoyo ali mpingo umodzi.

Anapitiriza kudandaula Loweruka ndi Loweruka, koma tsopano kudandaula kwake kunali kokoma, ngati kwa munthu wodandaula mvula ali m'nyumba yosadontha. Kenako tsiku lina basi inabweretsa tsoka. Pansi pa chithunzi chomaliza panalembedwa zilembo zikuluzikulu, zakuda bii: LOWERUKA LIKUBWERALI SUTIKESI ITSEGULIDWA.

Everson anaponya chipewa m'mwamba. Che Sadiki anati aitanitsa mitolo iwiri m'malo mwa umodzi. Evelina anangotulutsa nsalu yoyera ya maluwa imene inali pansi pa nsalu za makasitomala, n'kuyamba kuiyeza pa thupi lake. 

Sabata imeneyo munthu anasintha chiphunzitso. Ku ofesi anayamba kuuza anzawo kuti nkhani yabwino safulumira nayo, kuti owerenga a masiku ano alibe chipiriro, kuti kukoma kwa sutikesi ndi loko wakeyo. Mnzawo wogona naye nyumba imodzi anawafunsa ngati akudwala malungo. Lachitatu anakumana ndi a Bauleni pa mlatho wa Lilongwe, atanyamula thumba la mpunga panjinga.

"Tikukonzekatu, akamwini," anatero a Bauleni. "Amayi ake a mwanayu afika Lachisanu kuchokera kumudzi. Nkhuku ija mudzasankha nokha, zilipo zambiri tsopano."

A Greenwell anayankha kuti zikomo kwambiri, mawu akutuluka ngati a mwana wa sukulu. Ku pulakatisi ya kwaya analakwitsa besi kawiri. Popemphera sanafike pom'pempha Mulungu kuti basi ya ku Blantyre ife panjira, poti anali munthu woopa Mulungu. Anangomukumbutsa kuti njati zikadalipo m'dziko muno.

Loweruka linafika ngati Loweruka lina lililonse, lopanda chisoni. Pakhonde la Che Sadiki panadzaza anthu, ena oti sanawerengepo nkhaniyo chibadwire. Mitolo itamasulidwa, anthu analanda magaziniwo ngati nyama ya pamaliro. A Greenwell anatenga yawo n'kuyamba kutsegula kuchokera kutsogolo, tsamba ndi tsamba, akuwerenga ngakhale zotsatsa sopo. Atafika kumapeto, anayang'ana ndi diso limodzi.

Chithunzi choyamba, Mlendo wagwada pansi pa mtengo. Chachiwiri, kiyi walowa. Chachitatu, kiyi wazungulira, njati osaoneka. Chachinayi, chivundikiro chatukuka. Ndipo pa chithunzi chomaliza, chachikulu theka la tsamba, m'kati mwa sutikesi munali sutikesi ina yaing'ono, ya maloko awiri.

 Everson anatukwana mawu oti sitingawalembe, anang'amba magazini yake pakati n'kuyamba kuiponda ndi nsapato yake yodetsedwa ndi simenti. Bambo wina ananena kuti akwera basi yomweyo akamuone wojambulayo maso ndi maso. Che Sadiki anabisala kuseri kwa kauntala, mapewa akugwedezeka.

Pakati pa mkwiyo wonsewo panamveka kuseka kwa munthu mmodzi. Kunali kuseka kochokera pansi pa mimba, kwa munthu amene dokotala wamuuza kuti chotupa chija si kanthu. Anali a Greenwell. Anaseka mpaka anagwira mzati, misozi ikutsika, tayi itapita paphewa.

"Katswiri," ankatero. "Munthu uyu ndi katswiri."

"Katswiri wa chiyani, bwana?" anakalipa Everson. "Si inu mumati akutinyoza?"

"Ayi, taganizani bwino. Sutikesi yeniyeni ndi yam'katiyo. Yakunjayi inali chikuto chabe. Ndiye kunena mwachilungamo, mwa malamulo ake, sutikesi sinatsegulidwe." Anatembenukira kwa anthu, nkhope ikuwala ngati ya mwana wopatsidwa banzi. "Sinatsegulidwe, abale. Tidikirabe."

Ndi pamene anazindikira kuti makina osokera sakulira. Evelina anali ataimirira, nsalu yoyera ija ili pamkono, yosokedwa kale mbali imodzi. Ankawayang'ana modekha, ngati mmene ankayang'anira malaya obwera ndi kasitomala pofuna kuona ngati angakonzeke.

"Che Sadiki," anatero, "chivundikiro chatukuka kapena sichinatukuke?"

Che Sadiki anadzutsa mutu. "Chatukuka, mama."

"Evelina, iwe sumawerenga nkhaniyi, sungamvetse," anatero a Greenwell. "Nkhani yake ndi ya zimene zili m'kati. Komanso ukudziwa kuti za nyumba zija sizinalongosoke. Zikangotheka, mwina mwezi wamawa..."

"Kiyi wa ku 47 ndinamuona kalekale, a Harawa. Anali atagwera m'kati mwa jekete lanu, tsiku lija munandipatsa kuti ndisoke thumba. Ndinamubwezera momwemo. Ndinkati mwina mukufuna kudzandidzidzimutsa."

A Greenwell anagwira pachifuwa, pamene panali thumba lija. 

"Kudikira sikunandipweteke kwenikweni," anapitiriza Evelina. "Amayi anga abwera ndi ufa kuchokera ku Mitundu, nawonso ndikawauza, amva. Chandipweteka n'kuseka kwanuku. Chikhalireni sindinakuoneni mutasangalala chonchi, ngakhale tsiku limene ndinakulolani."

Anamasula mpango wobiriwira uja kumutu. Unali utasuluka chifukwa chochapachapa. Anaupinda bwinobwino, makona anayi, monga amapindira zovala zomalizidwa, n'kuuika pamwamba pa magazini imene inali m'manja mwa a Greenwell, pa chithunzi cha kasutikesi kaja. Kenako anakhala pansi, anatenga kalumo, n'kuyamba kusomola ulusi pa nsalu yoyera ija, msoko ndi msoko.

Palibe anaseka. Everson anatola zidutswa za magazini yake n'kumapita. Anthu ena anayamba kuyang'ana mitengo ya sopo ngati sanaionepo. A Greenwell anaima pomwepo kudikira kuti pachitike kanthu kena, poti m'nkhani zimene ankazidziwa, zinthu zikafika poipa chonchi pankagwa mtengo kapena pankabwera mthenga wothamanga. Panangodutsa lole ya njerwa, n'kuwasiyira fumbi.

Masana omwewo anayenda wapansi mpaka ku Area 47. Anadutsa nyumba zina zopanda madenga, zina zokhala kale ndi makatani ndi matewera pachingwe. Yawo anaipeza chakumapeto kwa msewu, udzu utafika m'chiuno, chiswe chitayamba kale kulawa mafelemu. Inali nyumba yabwino, ya khonde lotakata, loti makina osokera akanakwanapo n'kutsalanso malo a mpando.

Anatulutsa kiyi m'thumba limene Evelina anasoka. Msoko wake unali wolimba, wa ulusi wobwereza kawiri, kuti kiyiyo asadzagwenso. Analowetsa kiyi pa loko, n'kuima pang'ono, akuyang'ana uku ndi uku. Njati sinabwere. Kiyi anazungulira mosavuta, chitseko chinatseguka.

M'katimo munali fungo la penti ndi zipinda zitatu zopanda kanthu. A Greenwell anaima pakati pa balaza, mpango wobiriwira uli m'manja. Anafunafuna woti amukwiyire monga mwa masiku onse, koma wojambula nkhani iyi sanali ku Blantyre, anali ataima pabalaza pomwepo.