Theka Lachiwiri la Nkhani ya Nangozo

Zelipa analota dzuwa lili paliwombo, pamsika wa Thondwe, mutu ataugoneka pabenchi lake la tomato, mwana ali kumsana. Analota kuti anthu a filimu amutumizira uthenga.

Filimuyo anali ataiona pang'ono m'mawa wa tsikulo, kachidutswa kongokopera anthu, pafoni ya kasitomala wina. Yonse ankaionetsa mumzinda mokha. Anaizindikira asanauzidwe. Inali nkhani ya Nangozo, ya m'buku lakale lija ankawerenga ali Fomu 2. Kusukulu kwawo mabuku anali ochepa, choncho aphunzitsi a Likongwe ankang'amba buku lililonse pakati, n'kusoka theka lililonse ndi ulusi wa thumba la feteleza. Wina ankatenga chiyambi, wina mapeto, kenako n'kusinthana. Zelipa anapatsidwa chiyambi. Chinathera pamene Nangozo, atathawa ku esiteti ya fodya kumene anamukwatitsa mokakamiza, waima pasiteshoni, sitima yafika, iye wakweza phazi. Pepala linathera pomwepo. Tsiku losinthana lisanakwane, mimba inaonekera, ndipo Zelipa anabweza theka lake ku ofesi n'kumapita kwawo. Kufunsa anzake ankachita nako manyazi. Zaka ziwiri zinadutsa asakudziwa ngati Nangozo anakwera sitimayo kapena anabwerera.

Uthengawo inabweretsa ndi kamera. Inali ya miyendo itatu, ndipo inkayenda yokha pakati pa mabenchi, ikulambalala milu ya kabichi mwaulemu.

"Mayi, mukufunika kusiteshoni," inatero kamerayo. "Ntchito yaima."

"Nanga tomato wangayu andionere ndani?"

"Tomato tamulemba ntchito. Akhala dzuwa lolowa."

Zelipa anaona kuti yankholo ndi lomveka. Anakonza mpango kumutu n'kuitsatira. Analowa m'tiyirumu ya kuseri kwa msika, n'kutulukira khomo la kumbuyo, kumene masiku onse kumakhala dzenje la zinyalala. Tsikulo kunali siteshoni.

Siteshoni yotere Zelipa anali asanaionepo. Makoma ankanunkha penti. Nyale zikuluzikulu zinali pamitengo yachitsulo, zowala moti dzuwa lenileni linkaoneka ngati koloboyi. Panali anthu osawerengeka, azibambo a zipewa ndi ndodo, azimayi a madiresi ofika pansi omwe sanayandikirepo phulusa chisokereni. Oimba malipenga anali ndi masaya otupa, koma phokoso silinkatuluka. Palibe amene ankagwedezeka. Ngakhale mvula, imene ankaigwetsa kuchokera m'mapaipi a kudenga, inali itaima m'malere, ndipo Zelipa ankachita kukankhira madontho pambali kuti adutse. Anadandaula mumtima kuti sanatenge ndowa. Madzi oyera chonchi, kungowaseweretsa.

Sitima inali yakuda, yonyezimira, utsi wake utauma m'mwamba ngati thonje. Pakhomo pake panali mtsikana wa sutikesi, phazi limodzi lili m'mwamba. Nangozo wa m'mutu mwa Zelipa anali wamfupi, wa ming'alu kuzidendene, wofanana pang'ono ndi Zelipa yemwe. Uyu anali wamtali, wosalala, ndolo zagolide zikulendewera. Komabe anali iyeyo.

"Mwendowo sukukupwetekani?" anafunsa Zelipa.

"Ukupweteka, achemwali," anayankha Nangozo osatembenuka. "Chichokereni inu sindinautsitse."

"Zelipa, wachedwa."

Mawuwo anachokera pampando wansalu umene amakhalapo mkulu wa filimu. Anali aphunzitsi a Likongwe, jekete lawo lija la choko m'mikono. Anamwalira chaka chatha, ndipo Zelipa anatunga nawo madzi pamaliro awo. Sanadabwe kuwaona. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti anamutchula dzina. Pamsika, kunyumba, ngakhale mwamuna wake, onse ankangoti amake Fatsani. Anadziyang'ana msanga kuti mwina wavala yunifolomu. Chinali chitenje chomwe chija cha madontho a tomato.

"Pepani aphunzitsi. Ndinatanganidwa."

"Tonse tinatanganidwa. Bwera uone."

Anamutengera pakhomo la sitima. Mkati munalibe mipando. Dziko linali litang'ambika pamenepo, kuchokera pansi mpaka kumwamba, ndipo m'mphepete mwake munkalendewera ulusi wa thumba la feteleza. Pansi pankayenda mtsinje waukulu, wopanda phokoso. Ulusi umodzi unawoloka mpaka tsidya. Kutsidyako kunali nyale zina, nyumba zina, ndi mawu a mkazi amene Zelipa sanathe kusiyanitsa ngati akuseka kapena akulira.

"Theka lachiwiri ndi ilo," anatero a Likongwe. "Lero ndi tsiku losinthana. Bweretsa lako."

"Ndinabweza ku ofesi, aphunzitsi. Ndi chikuto chomwe."

"Limenelo linali la sukulu. Ndikunena limene unatuluka nalo pageti."

Maso awo anali kumsana kwake. Fatsani anali m'tulo, kukamwa kuli yasa, tsaya litamatirira pa bulauzi ya mayi ake.

"Sitikukulanda ayi," anatero aphunzitsiwo mofatsa. "N'kubwerekana chabe. Wina amusunga, iwe uwoloke, ukaone zonse, ukabwera akubwezera."

"Winayo ndani?"

"Amene ali pamzere."

"Aphunzitsi, mabuku obwerekana aja ankabwera opanda chikuto. Ena ankabwera ndi mafuta a ndiwo."

"N'zoona," anavomera a Likongwe. "Ena sankabwera n'komwe."

Zelipa anayesa njira zina, monga amachitira ndi alimi akamakaniza tomato kumunda. Anati awoloke naye mwanayo. A Likongwe anamuuza kuti ulusi umanyamula munthu mmodzi. Anati aphunzitsiwo angomuuza, poti iwo analiwerenga kambirimbiri. Iwo anapukusa mutu, nati kuuzana mapeto n'kubera, ndipo sanalolepo zimenezo ali moyo, ndiye ayambe lero? Pomaliza anatembenukira kwa Nangozo.

"Inuyo mwini wake nkhani, mukwera kapena simukwera?"

"Ndikanadziwa bwenzi nditakuuzani, achemwali. Inetu ndili m'theka lanu."

Kamera inabwera n'kuima pafupi. Anthu onse a zipewa ndi madiresi anali atatembenuza maso okha, matupi ali chiimire. Zelipa anaika dzanja pa mfundo ya chitenje pachifuwa. Anangofuna kuikhudza. Koma zala zinadziwa ntchito yake, ndipo mfundo inayamba kumasuka.

Mwana anatsetsereka pang'ono. Mphepo inalowa pakati pa msana wa Zelipa ndi mimba ya Fatsani, malo amene mphepo inali isanafikepo chibadwire mwanayo. Mapewa anapepuka. Anakumbukira mmene ankathamangira belu likalira, chikwama chikumenya m'chiuno, manja ali lendelende opanda chonyamula. Anamva fungo la kope latsopano. Mawu a mkazi wa kutsidya uja anayamba kumveka bwino, ngati wailesi ikamayandikira siteshoni yake. Anangotsala pang'ono kugwira liwu loyamba. A Likongwe anatambasula manja kuti alandire.

Pamenepo Fatsani anakodza.

Mkodzo wofunda unatsika ndi msana, n'kudutsa m'chiuno, mpaka m'miyendo. Zelipa anaugwira mwanayo ndi dzanja limodzi kunsi, osaganiza n'komwe, n'kumukankhira m'mwamba pamalo pake.

"Wanyowa, aphunzitsi," anatero. "Buku lonyowa simunkalandira."

A Likongwe anayang'ana manja awo kwa kanthawi, kenako anawabweza m'matumba a jekete.

"Sindinkalandira," anatero. "Pita ukamuumitse."

"Amachedwa kuuma ameneyu. Ukati wauma, wanyowanso. Akadzasiya zimenezo kudzakhala chifuwa, kenako sukulu yake, kenako mng'ono wake."

"Ndikudziwa."

"Mudzakhala mulipo?"

A Likongwe anakweza dzanja, ndipo nyale zinayamba kuzima imodziimodzi, kuyambira za kutsidya. Zelipa anatong'ola maso kuti aoneko kanthu kokha, denga la nyumba, mtundu wa diresi, chilichonse choti azikachiganizira potsuka mbale. Anangoona zenera limodzi lotsegula, nsalu yake ikuuluka, kenako nalonso linazima.

"Amake Fatsani! Inu amake Fatsani! Mwana akugwatu uyo!"

Anali mayi wa benchi loyandikana ndi lake, akumugwedeza paphewa. Zelipa anadzutsa mutu. Msana unali wonyowadi, ndipo mfundo ya chitenje inali yomasuka m'manja mwake, mwana atatsetserekera m'chiuno. Anawerama, n'kumukweza, n'kumanga. Anamanganso kachiwiri, mothina moti Fatsani anadzuka n'kuyamba kulira.

"Tulo take timeneti, ngati mwalima usiku," anaseka mayi uja. "Munafika kutali?"

Zelipa anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, akumugwedeza mwana kuti atonthole.

"Ndinatsala pang'ono, amayi," anatero. "Tandigwirirani benchili, ndikamusinthe."