Nsungwi ya Pakhonde

"Ukadzamva kuti ndatsogola, udzabwere udzandikhalire maliro onse, masiku khumi ndi atatu. Osati zachidule zimene akuchita ana a masiku ano."

Bambo ake adanena mawuwa pokwerera basi ku Tansen, tauni ya kwawo, atamugwira pamkono, tsiku limene Ujjwal ankanyamuka ulendo wa ku Australia. Iye adalonjeza. Kulonjeza kunali kosavuta nthawi imeneyo, bambowo akadali ndi mano onse m'kamwa.

Tsopano bambowo atamwalira, Ujjwal anali pakona pa khonde, atameta mpala, mutu uli mbee, atafunda nsalu yoyera yosasoka, atakhala pa udzu. Nsungwi yogonekedwa pansi inkamulekanitsa ndi anthu onse. Mwana wamwamuna wokhalira maliro sakhudzidwa ndi munthu, ngakhale nkhuku, nanji galu. Akangokhudzidwa mwambo wadetsedwa, ndipo mzimu wa malemu umasochera panjira.

Mpunga wopanda mchere kamodzi pa tsiku sunamuvute. Tansen amene adamusiya anali atamezedwa ndi nyumba za simenti za utoto wothobwa m'maso, ndipo mtengo wa malalanje wa pabwalo adaudula kuti paziima njinga yamoto. Zonsezi anazimeza ngati mankhwala. Chimene chinkamukanika kumeza chinali kubuula kwa Bhunte.

Bhunte anali galu wokalamba wa bambo ake. Khansa inali itamutupitsa mwendo wakutsogolo ngati papaya, ndipo ankagona pafupi ndi chitseko akupuma mwabefu, maso ali pachipata.

"Walavulanso," anatero Sabitri, mchemwali wake wamkulu, akutola piritsi m'mbale ya chambiko. "Chambiko wanyambita, mankhwala wandibwezera. Nzeru ngati mwini wake."

"Adokotala ati chiyani, achemwali?"

"Afunse wekha, si awo akulowa. Pakamwa pokha sanakuletse."

Dokotala wa ziweto, mayi wamfupi dzina lake Shakya, anagwada chapatali namuyang'ana galuyo nthawi yaitali.

"Fupa lathyokera m'kati," anatero. "Mapiritsi awa ngakhale atameza, ndi kuthira madzi pamwala. Chatsala ndi jakisoni womugonetsa. Amagona kaye, kenako mtima umaima. Samva kanthu."

Azakhali awo a Tulasa, amene ankasankha mpunga pa lichero, analiika pansi.

"Kupha galu pa nyumba ya maliro! Galu ndi mlonda wa pachipata cha akufa, inu simudziwa? Mukufuna mlongo wanga akafike kumeneko galu atatsogola kale kukamunenera? Dikirani mwambo uthe."

"Kwatsala sabata yathunthu, mayi," anatero dokotala. "Kwa iyeyu ndi chaka."

Azakhali anatembenukira kwa Ujjwal. "Nanga iwe wa ku Australia ukuti bwanji? Kapena kwanuko agalu ndiwo amakhalira anthu maliro?"

Ujjwal anali atawerenga mabuku ambiri onena za imfa, a kuno ndi a kutali, ndipo ankadziwa kuti onse adalembedwa ndi anthu amene panthawiyo sankamva kupweteka paliponse. Anayang'ana galuyo. Mwendowo unkanjenjemera wokha.

"Lero lomwe, adokotala," anatero. "Tchimo lake likhale langa, azakhali. Ndili nawo kale ambiri, lipeza anzake."

Koma dokotala atangoyandikira, Bhunte anatulutsa mano. Sabitri anayesa kumugwira khosi, galuyo anamuphonya chala pang'onong'ono, nalira kulira kumene kunaimitsa ngakhale wansembe amene ankakonza maluwa pabwalo.

"Sindingabaye galu akuphiriphitha," anatero dokotala. "Ndiphonya mtsempha, ndimuzunza kawiri. Amalola kugwiridwa ndi ndani?"

"Ababa okha," anayankha Sabitri.

Ujjwal anaseka. "Ababa? Omwe aja ankathamangitsa agalu pakhonde pano ndi ambulera? Mchira wa galu ukawakhudza ankakasamba thupi lonse!"

"Iwe ukudziwa ababa a pokwerera basi," anatero Sabitri mosakweza mawu. "Chiyambire chotupachi ankagona pompano, pansi. Ankaika mwendo wodwalawo pachikhatho, n'kumamuimbira motsitsa mawu mapemphero a m'mawa mpaka agone. Kukacha ankakasamba madzi ozizira a pachitsime, poti akhudza galu. Tsiku lililonse, m'nyengo yozizira yonseyi. Ukuganiza kuti chibayo chinawapeza bwanji?"

Azakhali anatolanso lichero, koma sanasankhe kanthu.

Sabitri anapitiriza: "Ndinkawauza kuti, ababa, sankhani chimodzi, galu kapena kusambako. Amati, 'Zonse ndi zanga.'"

Ujjwal anaikumbukira nyimboyo. Adakula akuimva m'bandakucha kudzera m'khoma, akudzifunditsa bulangeti kumutu kuti isamusokoneze tulo. Anayesa mzere woyamba chapansipansi, mawu akuthothoka ngati a tambala wamng'ono. Pa mzere wachiwiri anakhazikika, ndipo Sabitri anatembenuka msanga ngati waitanidwa ndi munthu wina.

Bhunte anaimika makutu. Anadzikwakwaza ndi miyendo itatu, pang'onopang'ono, mpaka mphuno yake inafika pa nsungwi. Pamenepo anaima. Adaphunzitsidwa bwino malire a pakhonde.

"Mwanawe," anatero wansembe ali pabwalo, "ukadumpha pamenepo, ine ntchito yanga yathera pomwepo."

"Ndamva, agogo."

Anakwinya nsalu yoyera ija m'chiuno, nadumpha nsungwi. Anagwada, nalowetsa chikhatho pansi pa mwendo wotupawo. Unali wotentha ndi wolemera. Galuyo anausa moyo, natsamiritsa mutu pa bondo lake.

"Musasiye kuimba," ananong'ona dokotala akutsegula chikwama.

Sanasiye. Anaimba mpaka mutuwo unalemera pa bondo, naimbabe mpaka kumapeto, poti bambo ake sankadula pemphero pakati. Sabitri analowa m'nyumba, natuluka ndi ndowa ya madzi ozizira a pachitsime, naiika pambali pake.

Pa masiku khumi ndi atatu aja, Ujjwal anakhala asanu ndi limodzi.