Faulo Yachisanu ya Ndaziona

Ndinalota bwalo la basiketibolo lili m'chipinda mwanga, pamene pamakhala bedi. Dzuwa linali paliwombo, koma panalibe munthu wa chithunzithunzi. Mwana wanga Ndaziona ankasewera. Woyimbira anali malemu achimwene anga, a Lufeyo, atavala suti ija tinawaika nayo.

Za mpira umenewu ine sindidziwa kanthu. Chimodzi chokha anandiuzapo mwanayo: ukachita faulo kasanu watuluka, subwereramonso.

Kumbali kunali benchi ya otuluka. Panakhala malemu amayi anga, apongozi anga, ndi khanda langa lija linabadwa osalira. Kumapeto kunali malo a munthu mmodzi, opukutidwa bwino.

Ndaziona anakankha mnzake. Wezulo inalira, chala chake chimodzi chinagwa pansi ngati choko. Magazi ayi. Anakoka wina malaya, chinagwa china. Posakhalitsa dzanja lakelo linatsala ndi chala chachikulu chokha.

"Achimwene, tikambirane," ndinatero. "Yachitatu ija mnzakeyo anadzigwetsa yekha. Ichotseni."

"Chemwali, yaimbidwa yaimbidwa."

"Ndiye muwonjezereni imodzi. Ndi pamsika pomwe pamakhala basela."

"Kuno kulibe basela."

"Lembani ine. Zala ndili nazo khumi."

Wezulo inayankha yokha, ili pachifuwa pawo: "Mayi, amene ali kunja kwa bwalo salakwa."

Ndinavula patapata n'kulowa. Chimtsikana chachitali chinkabwera ndi mpira, Ndaziona atatambasula dzanja lija kuti achigwire. Ndinamkankhira mwana wanga kumbali, chimtsikanacho ndinachikumbatira ndi mphamvu zanga zonse. Wezulo inalira kasanu. Pansi sindinayang'ane, ndinangomva zikugwa.

Amayi anandilozera malo aja. Benchi inali yozizira ngati mwala wa kudambo.

"Wafulumira," anatero.

"Nanga mwanayo? Tathana nazo, eti?"

"Faulo zake zikadali zinayi. Ndipo mpira sunathe."

Ndinafuna kuimirira. Benchi inakana.

Nditadzuka kunali kutacha, Ndaziona akumanga nsapato pakhomo.

"Lero usakhudze munthu," ndinamuuza.

"Amayi, nanga ndiziwatchinga ndi maso?"

"Ndi maso omwewo."

Anaseka. Masana ndinapita kukaonera, koyamba chibadwire. Aphunzitsi ake anandipukutira malo pabenchi, ati khalani apa mayi. Ndinakana. Ndinaima m'mbali mwa mzere mpaka kumapeto, patapata nditavuliratu.