Miyala Yakuda ya Kuseri kwa Nyumba

Ku ofesi ankawatchula kuti a Zakaso, chifukwa chilichonse chimene agula, kaya ndi nsapato kaya ndi cholembera, chinkayenera kukhala choti munthu acheukire kawiri. Iwo dzinali ankalikonda. Anali bambo wa ana atatu, wosunga mafaelo pakampani ina ya inshuwalansi, ndipo nyumba yawo anaimanga pang'onopang'ono kwa zaka khumi ndi chimodzi. Chimene chinatsala chinali kuseri, kabwalo ka dothi lofiira kamene mvula ikagwa kankasanduka chithaphwi.

Chaka chimenecho mayi awo anabwera kudzakhala nawo, bondo lakumanzere litayamba kuwavuta. Anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Tsiku lonse ankangozungulira kuseriko ndi ndodo yawo, kuthirira tomato wa m'zidebe, kuyanika zovala, kuanula, kuyanikanso. Akazi a a Zakaso ndiwo ananena kuti matope aja adzawagwetsa apongozi awo tsiku lina, bwanji payalidwe miyala.

A Zakaso anaitana mmisiri wa m'dera lomwelo, mkulu wamfupi wa imvi m'ndevu, amene aliyense ankamutchula kuti a Levulo. Anthu ankati levulo yawo, kachida koyezera ngati chinthu chapendekeka, sinkachoka m'thumba ngakhale popita kumaliro, ndipo ena ankalumbira kuti anawaonapo akuyeza bokosi. Koma ntchito yawo panalibe woinyoza.

Loweruka m'mawa awiriwa anapita kumalo ogulitsira miyala. Kunali fumbi loyera lokhalokha, makina odulira akulira mpaka munthu kulankhula mokuwa. Miyala inali itaimikidwa motsamirana m'mizere, ina yotuwa, ina yofiirira, ina ya mizeremizere ngati nyama ya mafuta. A Levulo analunjika pa mulu wa miyala yachikasu, yokhakhala ngati lilime la ng'ombe, nayamba kuigogoda ndi chala kumvetsera ngati ili ndi ming'alu. Koma maso a a Zakaso anali atakodwa kale kwina. Pakona panali miyala yakuda bii, yopukutidwa mpaka munthu kudziona nkhope. Anaima pamenepo akuganiza za alamu awo, ndi anzawo a ku ofesi, mmene adzagwirire pakamwa akadzatulukira kuseri kuja.

Mmisiri uja sanatsutse ndi mawu ambiri. Anapempha botolo la madzi kwa mayi mwini malowo, nagoneka pansi mwala umodzi wachikasu ndi umodzi wakuda, n'kuithira yonse madzi. Ataponda wachikasu, nsapato inagwira nganganga. Ataponda wakuda, phazi linathawa lokha, iwo n'kugwirira mulu wa pambali.

“Bwana, iyi ndi ya m'nyumba, pamene sipafika mvula,” anatero. “Kuseri kwanu kuli mthunzi wa mtengo uja, sikuuma msanga. Komanso kumayenda agogo.”

Anthu atatu odula miyala anali atazimitsa makina, akuonerera. Mwina n'chifukwa chake a Zakaso anayankha mmene anayankhiramo. Anati anawaitana kudzayala miyala, osati kudzawasankhira, ndipo za kukongola azisiyire anthu amene amazidziwa. Mmodzi wa odula miyala aja anaseka. A Levulo anapukuta nsapato yawo pa udzu. Madzulo ake, pa tebulo, a Zakaso anafotokozera akazi awo nkhaniyo mokometsera, mmene anamutsekera pakamwa mdala wa levulo.

Ntchito inatenga masiku asanu ndi limodzi. Mmisiri anasalaza dothi, nathira mchenga, napendeketsa bwalo pang'ono kuti madzi azithamangira ku ngalande. Itatha, kuseri kuja kunkanyezimira ngati pa hotela. Alamu awo anabwera, anagwiradi pakamwa. Zithunzi zinayenda m'mafoni a ku ofesi konse, ndipo kwa miyezi itatu ya dzuwa a Zakaso ankamwera tiyi panja, mwendo uli pa unzake.

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri masana, iwo ali ku ntchito. Pachingwe panali malaya awo oyera anayi a ku ofesi. Mayi awo ataona madontho, anasiya ndodo pakhomo kuti athamangire kukaanula. Anangoponda kawiri, kachitatu miyendo inapita m'mwamba. Dzanja lamanja linathyoka polumikizira, chiuno chinatupa, ndipo anagona pamvulapo mpaka mayi woyandikana nawo nyumba anamva kubuula.

Ku chipatala a Zakaso anapeza achemwali awo aakulu atafika kale. Amenewa ankagulitsa nsalu mumsika, ndipo nkhani ikalowa m'kamwa mwawo m'mawa, pofika masana inali itafika kulikonse kumene basi imafika. Anaima m'khonde la wodi manja ali m'chiuno, nafunsa kuti ndani wamisala amene anayala magalasi poyenda munthu wokalamba.

“Ndi mmisiri uja,” anatero a Zakaso. “Ine za miyala ndizidziwira kuti?”

Mawuwo anatuluka okha, mofewa, ngati anali akudikira kukhosi. Akazi awo, amene anali atanyamula beseni ndi thaulo, anawayang'ana kamodzi kokha, n'kulowa mu wodi.

Kuyang'ana kumeneko kunawatsatira a Zakaso mlungu wonse. Mayi awo anatuluka m'chipatala dzanja lili m'chikhakha. Kunyumba palibe anawafunsa kanthu a Zakaso, koma chakudya chinasiya kutsika. Kuseriko anasiya kupitako, makatani a zenera loyang'ana uko n'kumawatseka. Popita ku ntchito anayamba kuzungulira njira yaitali kuopa kudutsa pa kanyumba ka a Levulo. Lachisanu akazi awo, akusita zovala, anangotchula osadzutsa mutu kuti mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yapafupi, amene anali atapangana ndi a Levulo kuti amuyalire njira ya pakhomo pake, wawauza kuti asabwerenso. A Zakaso anati “oo,” n'kutuluka kukayang'ana matayala a galimoto amene analibe vuto lililonse.

Lamlungu masana kunamveka kugogoda. Anali a Levulo, atavala malaya ochapa bwino, chipewa chili m'manja, kathumba ka malalanje kali m'khwapa. Anati abwera kudzazonda agogo. Tsoka ilo, achemwali aja anali pomwepo pabalaza. Sanadikire n'komwe kuti mlendo akhale pansi. Anawasambitsa chokweza, kuwafunsa ngati imvi zimenezo zinangomera pa chitsa, ngati kwawo kulibe mayi, ngati amagona tulo atapundula kholo la eni ake.

A Levulo anamvetsera zonse ali chiimire. Kenaka anatembenuka pang'ono, maso awo n'kukumana ndi a a Zakaso. Sanali maso a mkwiyo. Anali ngati a munthu amene akudikira mnzake kuti adutse kaye pakhomo. A Zakaso anazyolika, nayamba kusuntha makapu pa tebulo, kuwaika mu mzere.

“Pepani, agogo,” mmisiri uja anatero potsiriza. “Anayala ndi manja angawa. Mmisiri sayenera kuyala chinthu chimene akudziwa kuti chivulaza munthu. Ndinayenera kunyamula zida zanga n'kumapita.”

Anaika malalanje pafupi ndi mpando wa agogo, natsanzika. A Zakaso anamva nkhope yawo ikutentha mpaka m'makutu. Ankalakalaka mdalayo akanawatukwana, akanawaulula pamaso pa onse, kusiyana ndi kuwasenzera katundu wawo choncho. Dzanja la mmisiri lili kale pa chitseko, m'pamene mawu anatuluka, aang'ono, osafanana ndi a munthu wa dzina lotchuka ku ofesi.

“Achemwali, miyala ija ndinasankha ndine. Awa anandiletsa. Anathira madzi ine ndikuona, anatchula ngakhale za amayi. Ine ndinawanyoza pamaso pa anthu.”

Achemwali anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, chinthu chimene a Zakaso anali asanachionepo chibadwire. Mayi awo ndiwo analankhula, akusisita chikhakha ndi dzanja labwinolo. Anati iwo ankadziwa kuyambira ku chipatala, chifukwa makoma a wodi ndi opyapyala, ndipo mwana wawoyu akamanama mawu ake amatsekemera ngati a wogulitsa mankhwala a m'basi. Anangofuna kuona kuti atenga masiku angati. Kenaka anapempha a Levulo kuti abwerere adzakhale pansi, amwe tiyi.

Achemwali atapezanso lilime lawo, anati iwo sakayenda okha kukameza mawu amene analavula chifukwa cha bodza la munthu wamkulu wa ndevu zake. Choncho mawa lake a Zakaso anapempha tchuthi, nayenda ndi mlongo wawo khomo ndi khomo, pagolosale, pogulitsira simenti, pamalo ometera, kufotokoza nkhani imodzimodzi. Ena ankagwedeza mutu mwaulemu, ena ankadikira kuti atembenuke kaye asanaseke. Mphunzitsi wamkulu uja anamvetsera bwinobwino, napepesa, koma anati ntchito anali ataipereka kale kwa mmisiri wina ndipo mchenga unali utatsitsidwa. Imeneyo inapita basi.

Mlungu wotsatira miyala yakuda inazulidwa. A Levulo ankatukula ndi chitsulo, a Zakaso n'kumanyamula umodziumodzi kukaunjika kumpanda, manja awo a mu ofesi akuchita matuza. Ankagwira ntchito osacheza kwenikweni. Mmisiri akafuna chinthu ankati “bwana” monga kale, ndipo mawu amenewo ankawalasa kuposa matuza aja. Panayalidwa miyala yokhakhala, ndipo palibe anaijambula.

Chikhakha chinachotsedwa patatha milungu isanu ndi iwiri, koma zala za mayi awo sizinabwerere mwakale. Zinkakanika kupinda, moti batani la juzi linkawathawa. Akazi a a Zakaso anadzipereka kuti aziwathandiza, koma a Zakaso anati ayi, imeneyo ndi ntchito yawo. M'mawa uliwonse asananyamuke ankagwada patsogolo pa mpando wa mayi awo n'kumamanga mabataniwo kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Mayiwo ankangocheza zawo, za tomato amene wayamba kupsa, za mdzukulu amene sakudya mokwanira. Mwana wawo ankavomera zonse maso ali pa mabatani, ndipo akafika pa lomaliza la pakhosi ankalimanga mwachangu, n'kudzuka kukafuna makiyi a galimoto.