Mchere wa Mastura

Mastura sankadana ndi chipatala ayi. Chimene ankadana nacho ndi benchi la panja pa chitseko cha namwino, enfermera Natália, pomwe anamusiya ngati thumba la makaka amuna ake, Che Haji, atalowa mkati ndi Sabrina.

Sabrina anali mkazi wachiwiri. Che Haji anamukwatira imvi zitayamba kale, Mastura atawaberekera ana asanu ndi kuwawambira milamba ya m'nyanja ya Chiuta mpaka maso kufiira ndi utsi. Mastura anakulira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo Chipwitikizi chake chinkathera pa moni. Sabrina sukulu anaipondako ku Insaca. Enfermerayo anali wobwera, wa ku Beira, Chinyanja chake chongokwanira kuitanira wodwala wotsatira. Panali serevente, wantchito wa pachipatalapo, wothandiza kumasulira, koma anali yekha pa chinamtindi cha anthu, choncho aliyense wokhala ndi m'bale wodziwa chinenerocho ankabwera naye. Che Haji atayamba kumva chizungulire m'bwato anatenga akazi onse awiri, kuopa kunenedwa tsankho. Koma kachipindako kanali kothina, ndipo analowa ndi amene anali ndi pakamwa.

Chitseko chinali chopyapyala. Mastura ankamva Che Haji akudandaula, Sabrina akutembenuza mawu, enfermera n'kuseka, Sabrina n'kusekanso. Nanga ankaseka chiyani? Thupi limene iye ankalidziwa chipsera chilichonse, nkhani zake lero zinkadutsa pakamwa pa mwana wadzulodzuloyu. Inali nsanje, ndipo sanadzinamize kuti ndi china.

Pobwerera, Che Haji akukankha njinga patsogolo, Sabrina anafotokoza kuti matendawo ndi tensau, magazi akuthamanga. Azimwa kambulu ka mankhwala m'mawa uliwonse, ndipo asamakhalitse padzuwa.

"Akutinso ndiwo zawo zisamathiridwe mchere, akulu."

"Akutero ndani?"

"Enfermera."

"Ine enfermera ndamumva akuseka. Za mcherezo ndikuzimva kwa iwe."

Wosadziwa angati mchere ndi mchere basi. Kuno mkazi amaleka kuthira mchere pa zifukwa zodziwika: ali kumwezi, kapena wayenda njira zokhota ndipo akuopa kudula mwamuna wake. Mastura kumwezi anasiya kalekale, ndipo amayi onse a pachitsime ankadziwa zimenezo. Komanso Che Haji sankadya okha. Ankadyera pansi pa mtengo wa mango ndi alamu awo ndi asodzi anzawo, anthu oti akalawa ndiwo nkhani yafika kale kudooko. Mbale ya Mastura ikatuluka yopanda mchere, adzati gogoyu wayamba liti kuyendayenda?

Anawafunsa eni akewo ngati enfermera ananenadi zotero. Che Haji anayankha kuti iwo anamva zomwe Sabrina anawauza, zinazo anangoona milomo ikugwedera. Mwamuna wamitala ndi wamantha, amavomera mbali zonse. Mastura anaganizako zokafunsa serevente uja, koma atamva kuti anaphunzira kalasi imodzi ndi Sabrina, anati amenewo ndi amodzi.

Kuchokera apo mawu akuti "enfermera akuti" anaswana ngati nsikidzi. Enfermera akuti asamanyamule zolemera. Enfermera akuti mankhwala azikhala malo amodzi kuti asasokonekere, ndipo malo amodziwo, mwadziwa kale, anali kwa Sabrina. Ndiye ngakhale pa masiku a Mastura, Che Haji ankadzuka m'mamawa kukamwa kambulu kwa mkazi wamng'ono, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo. Mastura anati apa wazindikira. Mtsikanayu wapeza konda-ine wamakono, wosafuna sing'anga: kungoti enfermera akuti, mwamuna n'kulowa m'botolo.

Anabwezera ndi zida zomwe anali nazo. Pa masiku ake ankawalawirira ndi phala la mpunga, kenako nkhani za ana, kenako ukonde woti asoke, mpaka za kambulu n'kuiwalika. Masana ankaphika mlamba wowamba wotendera, mchere wake wofikapo. Che Haji, omwe kwa Sabrina ankadya ndiwo zokhala ngati madzi otsukira mbale, ankanyambita zala mpaka m'chigongono. Anayamba kuonjezera masiku kwa mkazi wamkulu. Sabrina anabwera akulira, kunena kuti akulu muwapha bambowa, koma Mastura anamuyankha kuti apite akalire m'Chipwitikizi. Miyezi imeneyo Mastura ananenepa ndi chimwemwe.

Mpunga utayamba kucha, tsiku lina m'mawa Che Haji anagwa akusoka ukonde pakhonde. Pakamwa panapotoka, dzanja ndi mwendo wamanja zinalobodoka. Anawatengera kuchipatala chachikulu ku Insaca, akazi onse awiri ali pambuyo.

Dokotala amene anawalandira anali mwana wa konkuno. Anafunsa m'Chinyanja chomveka bwino, mosakalipa n'komwe, ngati bambowa ankamwa mankhwala tsiku lililonse, ndiponso ngati mchere anausiya monga anauzidwira. Mawu omwe aja, opanda Sabrina pakati. Mastura anadikira kuti mkazi mnzake amuloze chala, koma Sabrina anangoyang'ana pansi n'kunena kuti masiku ena ankaiwala. Mastura anachita manyazi, ndipo pansi pa manyaziwo panali mkwiyo, poti tsopano mtsikanayu anamuposanso ndi ulemu.

Che Haji sanafe. Anatsitsimuka, koma lilime linakana. Zotuluka mkamwa mwawo zinali kung'ung'udza kokhakokha, ndipo Sabrina anatchera khutu mpaka kugunditsa tsaya pachifuwa pawo osatolapo kanthu. Enfermera wa m'chipinda chogonamo odwala, wobweranso, anaima ndi manja m'chiuno kudikira.

Mastura anamva. Munthu amene wakhala naye kuyambira uli namwali, wamumva akulankhula kutulo, akulankhula ndi chingwe cha ukonde kumano, akulankhula malungo atamukwera, sasowa lilime kuti umumve. Anati bambowa akudandaula kuti phazi lamanzere lazizira. Sabrina anauza enfermera, enfermera anabweretsa bulangete, ndipo Che Haji anatseka maso momasuka.

Tsiku lonselo zinayenda choncho. Che Haji akang'ung'udza, Sabrina ankatembenukira kwa mkazi mnzake ndi maso opempha. "Akuti chiyani, akulu?" Mastura ankanena kuti msana ukuwawa, kapena akufuna awatembenuze, kapena akufunsa ngati bwato analikokera kumtunda. Sanaonjezere kanthu ndipo sanachotsepo kanthu. Koma kukoma kwake anakumva. Anaona mmene munthu amaonekera akamadikira mawu a mwamuna wake kuchokera pakamwa pa wina, ndipo sanamumvere chisoni kwenikweni.

Chakumadzulo dzuwa litapepa, Che Haji anatsegula dzanja lamanzere, lamoyolo, n'kuligoneka chagada pabulangete. Anang'ung'udza motalikirapo, movutikira, malovu akutsika pachibwano. Mastura anamva liwu lililonse. Ankati Sabrina abwere mbali ino, akhale pafupi, awagwire dzanja, chifukwa akuchita mantha.

"Akuti chiyani, akulu?"

Mastura anawapukuta malovu aja ndi nsonga ya kapulana yake, chitenje chomwe anavala. Ankadziwa bwino lomwe chimene chinawagoneka pabedi limeneli, ndipo ankadziwa kuti m'chipindamo munalibe wina womutsutsa.

"Akuti madzi," anatero. "Akufuna ozizira, a pampopi wa panja."

Sabrina anatola kapu n'kutuluka mothamanga. Mastura anazungulira bedi, nakhala mbali yamoyo ija, n'kuika dzanja lake m'dzanja lotsegukalo. Linali lofunda, ndipo analigwira zolimba. Che Haji sanalichotse, koma sanalifumbatenso. Maso awo anali pachitseko.