Pepala la Wailesi

Mng'ono wanga timamutcha Wailesi chifukwa sakhala chete ngakhale akutsuka mano. Amagwira ntchito kuchipatala, m'chipinda chojambulira anthu ndi makina a sikani. Tsiku lina akutiseketsa kunyumba anati saloledwa kuuza wodwala zimene waona, imeneyo ndi ntchito ya dokotala, koma manja ake ndi akazitape. Zikakhala bwino amangomuponyera munthu pepala kuti adzipukute yekha mafuta amene amapaka pojambula. Zikaipa amangozindikira akumupukuta iye mwini. Tinaseka mpaka misozi.

Chaka chino madokotala anandipeza ndi khansa m'bere lakumanzere. Dokotala anati chatsala ndi kujambula m'khwapa, muja mumatupa mwanabere, chifukwa ikafika m'menemo ndiye kuti yayamba ulendo. Wailesi anandichonderera kuti ndidikire mnzake yemwe anali patchuthi. Ndinakana. Makani ndinatengera kwa bambo athu, komanso ndinali nditatopa ndi kugona maso ali gwa.

Ndinagona chagada pa kabedi kopapatiza, mkono kuseri kwa mutu. Mafuta aja anali ozizira ngati madzi a m'mawa. Wailesi anatembenuzira galasi la makinawo kwa iye n'kuyamba kulongolola. Ananyoza bulawuzi yanga, anati m'khwapa mwanga mukufunika otchetcha udzu, anafunsa ngati mwana wanga wasiya kujomba kusukulu. Pamalo ena anaima nthawi yaitali, akudinadina mabatani, pakamwa pakungoyenda. Ine sindinkamva chilichonse. Ndinkangoyang'ana mpukutu wa mapepala pa tebulo.

Atamaliza anang'amba pepala n'kundiponyera pamimba.

"Pukutani, achemwali, mukundichedwetsera mzere."

Mtima unakhala m'malo, ndipo ndinatsala pang'ono kumupsompsona mwana wamwanoyo. Ndinapukuta mwachangu, ndikuganiza kale zomuimbira mwamuna wanga amene ankadikira m'galimoto.

"Mwasiya apa," anatero.

Anatenga pepala lija m'manja mwanga, n'kuyamba kupukuta m'khwapa pang'onopang'ono, monga ndinkamusambitsira ali wamng'ono. Panali pouma kale. Anapitiriza kupukuta, nkhope atazolika, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire Wailesi anali atazima.

Zinandipweteka, osati za ine ndekha ayi, koma za mwanayu amene ndinamuumiriza kukhala woyamba kuona. Ndinangokweza mkono kuti afikire bwino.