Manong'onong'o a Pakhonde

Mvula inayamba m'mamawa, yowaza chabe, yosadziwika ngati ileka kapena ikula. Kalipentala anali gone pabedi la pafupi ndi khomo la wodi, mtsikana wophunzira udokotala akumumvetsera pachifuwa ndi kachipangizo kozizira ngati chule.

Mtsikanayo anamvetsera, nkhope n'kusintha. Anasuntha kachipangizoko, n'kumvetseranso. Kenako anangoti, "Zikomo bambo," basi. Dokotala wamkulu, mayi wa imvi za m'mbali, anamukodola, onse awiri n'kukaima pakhonde. Kumeneko anayamba kunong'onezana.

Chibwerereni m'chipatalamo zinkachitika chomwecho. Ophunzira ankabwera, kumugwiragwira, kumvetsera, kenako ulendo wa pakhonde. Kalipentala ankalidziwa khonde. Malemu mkazi wake akudwala, madokotala ankamusekerera pabedi, zoona n'kukanenera panja. Iye anadzauzidwa madzi atafika kale m'khosi.

"Achimwene, mwasandukatu bolodi la kusukulu," anatero wa bedi loyandikana, dalaivala wothyoka mwendo. "Ine sandiyang'ana n'komwe. Kaya fupa langali lilibe nyimbo?"

Kalipentala sanaseke. Anatsitsa miyendo, kupisa mapazi m'masilipasi, n'kuyenda chogwira khoma mpaka pachitseko.

"Sunamupemphe usanamugwire," dokotala ankanena chapansipansi. "Ndiye utamva chachilendo unangoti zii. Unamva chiyani?"

"Kaphokoso, ngati mphepo ikudutsa pamng'alu. Ndimaopa kulakwitsa, adokotala."

Apo kalipentala anatulukira.

"Ndikufa liti?"

Mtsikana uja anadzidzimuka mpaka kutsamira khoma. Dokotala anatembenuka mosapupuluma.

"Bambo, palibe akukamba za imfa pano. Kale ana ophunzirawa tinkawakalipira pamaso pa odwala, iwo n'kumangonjenjemera, osatolapo kanthu. Tinasintha. Masiku ano timawakonzera kuno, paokha. Nkhaniyi ndi ya iyeyu, si yanu."

"Chifuwacho n'changa."

Panadutsa namwino akukankha njinga ya odwala, onse atatu n'kumupatukira.

"Mumtima mwanu muli kachitseko kosatseka bwino," dokotala anapitiriza. "Ndinakuuzani tsiku lomwe munagonekedwa. Mankhwala akugwira ntchito."

"Munandiuza inu. Amene akumvetserawa sanenapo kanthu. Nkhope zokha."

Kalipentala anayang'ana dokotala, n'kuyang'ananso mtsikanayo, monga ankachitira posanthula thabwa kuti aone pomwe chiswe chalowera. Mawu ozuna anali atawamvapo kale, m'khonde longa lomweli.

"Ndiye mukufuna titani, bambo?"

"Za iye muzikambira kuno. Za ine pabedi. Zimene wamva anene yekha, ine ndili pomwepo. Akaphonya mumukonze ndikumva."

Dokotala anaika chala pachibwano. Kenako anafunsa mtsikanayo, "Ungathe, mwana wanga?"

"Ndiyesa." Mawu anatuluka ochepa, manja ali m'matumba a chovala chake choyera.

"Osayesa," anatero kalipentala. "Kunena."

Mumtima sanakhulupirirebe. Anthu awiri akhoza kupangana bodza ndi maso okha. Komabe bodza lonenedwa pamaso pa mwini thupi limavuta kusenza, makamaka kwa mwana amene sanaphunzire kubisa nkhope.

"Mwakawagwira, achimwene?" anafuula dalaivala ali m'kati. "Ati tikukuikani liti?"

Kalipentala analowa m'wodimo, dokotala ndi mtsikana uja ali pambuyo pake. Anabwerera pabedi pake, nakhala tsonga, n'kuyamba kumasula mabatani a malaya.